Wogwira Mlongoti

Mphepo inayamba masana, yonyamula fumbi ndi mapepala, ndipo pofika madzulo inali ikugwedeza mlongoti wa eriyo ngati bango.

Chimwalirireni mkazi wanga, Lachinayi lililonse ndimalandidwa nyumba. Ana anga aakazi awiri ndi mlamu wanga amadzaza sofa kuonera sewero la pa TV, la dziko limene boma linaletsa akazi kuvala nsapato kuti asathawe. Ine ndinanena kamodzi kuti n'zachibwana. Mawu anga sindibweza. Ndimakhala pakona, nyuzipepala kumaso. Nyuzipepalayo ndinaiboola pang'ono.

Tsikulo linali la gawo lomaliza. Mayi wochapa zovala za asilikali, amene ankasoka nsapato mobisa ndi zidutswa za matenti, anali pafupi kuwolotsa anzake pamlatho. Ndinali nditamudera nkhawa sabata yonse.

Mphepo inakankha mlongoti, chithunzi n'kusanduka mchenga.

"Ababa! Eriyo!"

"Alamu, inu paja simuonera. Kagwireni."

Ndikanati chiyani? Ndinatuluka.

"Kumanja! Kumanja kwanu, ababa! Basi, pomwepo! Musapume!"

Ndinaima nditakumbatira chitsulo ngati mkwatibwi. M'nyumbamo kunali kukuwa, kuwomba m'manja, sofa kulira.

"Avala! Onse avala!"

"Taonani winayo, yakumanzere waivala kumanja!"

"Thamanga, mwana wa mayi, thamanga! Mayo ine, msilikali wawaona!"

Kenako zii.

"Wamuwombera?" Mawuwo anangotuluka okha m'kamwa mwanga.

Katani inaphenuka. Mitu itatu pawindo.

"Wawombera ndani, ababa?" anafunsa wamkulu, mokoma ngati nesi.

"Wochapayo. Wa chipsera pachibwano."

Wamng'ono anagwa pansi ndi phwete. Mlamu anagwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe.

"Chipsera! Alamu, nyuzi yanu ija imalembanso za zipsera?"

"Ndafunsa. Wamuwombera kapena ayi?"

"Ayika zamalonda, ababa, akutsatsa sopo. Abwereranso pompano. Koma mukangosiya mlongotiwo, tonse tigona osadziwa."

"Tizikuuzani bwinobwino," anatero mlamu, akupukuta m'maso. "Ndi chipsera chomwe."

Nyimbo ya sopo inali kumapeto. Ndinayang'ana uku ndi uku. Chingwe panalibe, waya panalibe.

Ndinavula lamba, ndinamangirira mlongoti ku paipi ya madzi, ndipo ndinalowa nditagwira buluku ndi dzanja limodzi, n'kukakhala pakati pa sofa.