Tsiku Limene Jessica Anaika Atate Ake Pakati pa Akufa

Jessica Mbewe anali atangokhala pansi mu ofesi yake ku Nkana East, mumzinda wa Kitwe, pamene foni inalira. Anali amayi ake, a Felistus, akuimba kuchokera kwawo ku Kabushi, mumzinda wa Ndola, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka akazi ambiri akulira.

"Jessica, atate ako atisiya."

Mtsikanayo anaimirira osadziwa kuti waimirira. Atate ake, a Patson, anali atapita ku mgodi m'mawa womwewo ali bwinobwino.

"Amayi, wakuuzani ndani? A ku mgodi?"

"Ndi a Maud, anansi athuwa. Aona pa tsamba la tchalitchi. Chithunzi chawo chili pamodzi ndi cha malemu onse. Kodi a tchalitchi anganame, mwana wanga?"

Apa Jessica anakhalanso pansi, pakuti tsamba la pa intanetilo analikonza ndi iye mwini, ndipo analitulutsa dzulo lake. Unali mwezi wa Novembala, wokumbukira akufa, ndipo akuluakulu a parishi anamupempha kuti aike zithunzi za akhristu amene anamwalira chaka chimenecho. Iye anagawa tsambalo pawiri. Kumanzere anaika omwalira, kumanja anaika komiti yokalambula kumanda, imene wapampando wake anali atate akewo.

Anatsegula tsambalo pa kompyuta yake ya sikirini yotakata ngati zenera. Zonse zinali m'malo mwake, akufa kwawo, amoyo kwawo. Kenaka analitsegula pa foni, chinthu chimene sanachite ngakhale kamodzi chiyambire ntchitoyo, ndipo anagwira pakamwa. Pa sikirini yopapatiza mbali ziwirizo sizinakwane, choncho ya kumanja inatsikira pansi pa inzake. Mutu wonena za komiti, umene iye anaukhomera malo amodzi osaulola kusuntha, unatsalira kunja kosaoneka. Pansi pa mawu akuti "Ause mu Mtendere" panali nkhope zisanu ndi ziwiri za akufa, ndipo yachisanu ndi chitatu inali ya a Patson, atavala jekete lawo la pa Sabata.

Tiyenera kunena mosabisa kuti imeneyi sinali ngozi. Munthu wophunzira ntchitoyi amadziwa kuti tsamba liyenera kuyesedwa pa sikirini yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Jessica ankadziwa, ndipo ankadziwanso kuti mu Kabushi monse anthu amawerenga pa timafoni ta m'manja. Koma anakhutira ndi kukongola kumene anaona pa tebulo lake, naiwala anthu amene ankawalembera.

Anaimbiranso amayi ake, koma foni inayankhidwa ndi a Maud.

"Anti, uzani anthu asiye kulira. Ndalakwitsa ndine, atate ali moyo!"

"Walankhula nawo?"

Jessica anali asanalankhule nawo. Pansi pa mgodi salola foni, ndipo a Patson sakanatuluka isanakwane fotini, 2 koloko masana.

"Ndiye usatisokoneze, iwe," anatero a Maud. "Mwana aliyense amakana choncho tsiku loyamba. Bwera kuno, amako akomoka kawiri."

Anachotsa tsambalo pomwepo, koma chithunzi chake chinali chitayenda kale m'mafoni a anthu. Ulendo wonse wa pa basi kuchokera ku Kitwe kukafika ku Ndola, mauthenga opepesa ankangogwa. Atafika pa makumi atatu anasiya kuwerenga, pakuti mtima wake unayamba kufunsa ngati anthu onsewa sakudziwa kanthu kena kamene iye sakudziwa.

Kunyumba anapeza mipando itatulutsidwa panja, amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuni zitaunjikidwa kale pa geti. M'nyumba amayi ake anali gone pa mphasa, a kwaya atawazungulira. Jessica anagwada pakati pawo nafotokoza za mbali ziwiri ndi mutu wosowa, koma palibe anamva chimene ankanena. Mayi wina anamusisita pamsana namuuza kuti alire, asadzimange.

Nthawi itangopitirira sikisitini, 4 koloko madzulo, nyimbo ya amuna panja inadukira pakati. Kenaka kunamveka mfuu, mipando ikugwa. A Patson anali ataima pa geti, chikwama cha chakudya chili m'manja, akuyang'ana khamu lili pakhomo pawo. Foni yawo inali itatha moto, ndipo sankadziwa kanthu.

"Wamwalira ndani?" anafunsa. "Felistus ali kuti?"

A Maud anabwerera chambuyo akulemba chizindikiro cha mtanda. A Felistus anatuluka atagwira chitseko, nayang'ana amuna awo nthawi yaitali, koma sanayandikire.

"Musalowe, a Mbewe," anatero potsiriza. "Takulirani maliro tsiku lonse. Munthu woliridwa salowa m'nyumba chomwecho. Aitaneni abambo mfumu abwere ndi madzi odalitsa."

"Ine ndachokera ku ntchito, mayi. Ndatopa."

"Ngakhale mutatopa."

Jessica anayenda chogwada mpaka pa geti, naulula zonse pamaso pa anthu. Atate ake anamvetsera osamudula. Atatha, anapempha foni ya a Maud, imene inali itasunga chithunzicho, nadziyang'ana ali pansi pa chithunzi cha mnzawo wa ubwana amene iwo omwe ananyamula bokosi lake mu Epulo.

"Abale anga ku Katete amva?"

"Akwera kale basi," anayankha a Maud motsitsa mawu. "Atenga ndi mbuzi ya pamaliro."

A Patson anabweza foniyo, naika chikwama pansi, nakhala pa mulu wa nkhuni za maliro awo kuyembekeza wansembe.

"Dzuka, Jessica," anatero osamuyang'ana. "Ukaimbire atsibweni ako ndi azakhali ako mmodzimmodzi, ndi pakamwa pako, uwauze chimene wachita. Uyambe ndi agogo ako, ngati nkhaniyi siinawaphe kale."