Kulondola Bambo

Alamu anandiimbira foni ndili mkati mofotokozera alendo anayi kusiyana kwa ndowe za fisi ndi za mkango. Sanapereke ndi moni womwe. Anati Bambo sakuoneka, tiyi wawo wazizirira pakhonde, ndipo kageti kolowera m'nkhalango n'kotsegula. Nditafunsa kuti anawaona komaliza nthawi yanji, anati cha m'ma sikisi, pamene alamuwo ankapita kochapa. Apo n'kuti ili pafupi kukwana teni. Zimene ndinawayankha alamu anga sindingazilembe pano, ndinachita kukapepesa patapita sabata.

Bambo analondola nyama m'nkhalango yotetezedwa imeneyi zaka makumi atatu ndi zisanu. Ine ntchito yanga n'kuperekeza alendo odzaona nyama. Ndili ndi setifiketi, ndili ndi buku la zithunzi za mapazi, limene Bambo ankaliseka kuti mkango wa mmenemo umaponda ngati ukupita kuukwati. Koma zaka ziwiri zapitazi mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Anayamba ndi makiyi, kenako masiku, kenako mayina athu. Timakhala nawo m'nyumba za antchito, kuseri kwa mpanda, ndipo lamulo la pakhomo pathu ndi limodzi lokha, lakuti kageti kazikhala kokhoma.

Alendo ndinawasiya m'manja mwa dalaivala kuti akawatule kugeti lalikulu. Ine ndinathamangira kunyumba ndi mkulu wa alonda, amene tonse timawatchula a Chipewa chifukwa palibe anaonapo pamutu pawo. Iwo ananyamula mfuti ndi wailesi, ine botolo la madzi. Chipewa cha Bambo chinali pamsomali, botolo lawo pawindo. Anali atangotenga ndodo basi, m'nyengo imene dzuwa limasenda khungu.

Pakageti ndinafuna kulira. Anthu onse a m'nyumba za antchito anali atathandiza kufunafuna, ndipo chifundo chawocho chinapondaponda mchenga wonse. Ndinawapempha kuti abwerere m'mbuyo, osati mwaulemu kwenikweni. Ndinazungulira patali, ndipo nditayenda ndithu ndinapeza phazi loyamba: patapata wakudyeka kuchidendene, pambali pake kabowo ka ndodo.

Kulondola munthu amene anakuphunzitsa kulondola ndi chilango. Mayina athu Bambo anaiwala, koma miyendo yawo sinaiwale kanthu. Ankaponda pamwala, patsinde la udzu, pamuzu, paliponse posasiya chizindikiro. Phazi limodzi apa, lina ukalipeza watuluka thukuta. Ola lathunthu linatha tisanapite patali, ine ndikutukwana chamumtima luso limene ndakhala ndikulinyadira pamaso pa alendo.

Kenako ndinaona chinthu. Munthu wosochera amayenda mokhotakhota, amabwerera, amathamanga pang'ono n'kuima. Bambo ayi. Ankayenda molunjika, n'kuima mapazi onse pamodzi, pena n'kunjuta. Ndinawauza a Chipewa kuti mdalayu sanasochere, ali pantchito, pali chimene akulondola. Wolondola saponda pa mapazi amene akutsata, amayenda m'mbali mwake, mapaziwo ali pakati pa iye ndi dzuwa kuti mthunzi uziwaonetsa. Ndikanangodziwa nyama imene ankatsata, ndikanatsata nyamayo, poti nyama sibisa mapazi.

Vuto linali lakuti panjirapo panadutsa chilichonse. Panali mbawala, njiri, anyani, ndi njovu ya masiku atatu apitawo. Ndinasankha ngoma yamphongo imene mapazi ake anali atsopano, poganiza kuti ndi imene ingakope maso a Bambo. Tinaitsata theka la ola mpaka inalowa m'ziyangoyango, ndipo m'njira monsemo munalibe patapata ngakhale mmodzi. Ndinali nditataya theka la ola la moyo wa Bambo chifukwa chodzimva kudziwa.

Tinabwerera pamene ndinasiya phazi lomaliza. Dzuwa linali pamutu, mithunzi itatha, mchenga ukungoyera mbee. A Chipewa anaitana pawailesi, anawayankha kuti alonda ena ali kumpanda wakumpoto ndipo afika pakatha maola awiri. Ndinagwada, ndinatulutsa buku m'thumba n'kuyamba kulivundukula ngati muli tsamba la munthu wokalamba wovala patapata. Ndinkachita mantha, mantha enieni, oti ndikawapeza madzulo miimba itandilondolera.

A Chipewa si wolondola, ntchito yawo ndi mfuti ndi kukalipa. Anaima pambali panga akuyang'ana pansi ngati munthu wotaya ndalama yachitsulo.

"Nanga jombo izi n'za ndani?"

"Ndi zanga, za dzulo. Ndinadutsa pano ndi alendo. Zisiyeni."

Ndinayankha mokalipa, osayang'ana n'komwe. Chinthu choyamba chimene wolondola amaphunzira ndi kufufuta mapazi ake m'maso mwake. Amakhala paliponse, amangosokoneza, ndiye diso limazolowera kuwadumpha ngati mmene umadumphira mphuno yako. M'mawa wonse ndinkawaona osawaona.

A Chipewa sanasunthe. Anati iwo sadziwa zambiri, koma akudabwa kuti ndani wajambula mkombero. Ndinayang'ana. Phazi langa lakumanzere linali litazunguliridwa ndi kamzere ka nsonga ya ndodo, mmene Bambo ankachitira akapeza phazi looneka bwino. Mapazi a alendo anali pomwepo, anayi onse, osakhudzidwa. Ndinathamangira kutsogolo n'kupeza mkombero wina, pa jombo yanga yomweyo, patapata ali pambali pake.

Sindinayang'anenso pansi. Njira ya dzulo ndinkaidziwa: kutsika khwawa, kudutsa padziwe pamene pamamwera njati, n'kukathera pamsewu wafumbi pamene galimoto inatitenga. Padziwepo dzulo lake tinazemba njati yamphongo yokalamba, yothamangitsidwa ndi zinzake, ya mtundu umene sufunsa kuti ndiwe yani. A Chipewa anauza dalaivala pawailesi kuti abwerere, iye anati ali kugeti lalikulu, ulendo wa ola. Ndinathamanga. Minga inanding'amba mikono, mdala wa mfuti akuwefuka pambuyo panga, ine ndikupemphera pemphero lopanda mutu, mawu amodzimodzi: asafike padziwe, asafike padziwe.

Padziwe anali atafika kale, n'kudutsa. Tinawapeza pamsewu, pamene mapazi anga anathera. Ankazungulira pang'onopang'ono, mkombero waung'ono kenako wokulirapo, monga amachitira wolondola mapazi akamutayika. Patapata mmodzi anali ataduka, phazi likutuluka magazi. Milomo inali itachita mamba oyera. Ndipo patsidya pa msewu, pansi pa mtengo, njati ija inaima itatukula mphuno. Mphepo inali ikuchokera kwa iyo, koma masana mphepo sikhulupirika.

Ndinawayandikira mwakachetechete n'kuwagwira mkono. Ananditembenukira mwaulemu, ngati mlendo wofunsa njira.

"Mayi, mwina mungandithandize. Mwana wanga wamkazi walowa m'tchire muno yekha. Mapazi ake athera apa."

"Bambo, ndine. Ndine mwana wanuyo."

Anandiyang'ana nkhope, anayang'anitsitsa ndithu, kenako anapukusa mutu mondimvera chisoni. Anati mwana wawo ndi wamng'ono, sadziwa njati. Anandikokera pansi kuti ndione ndekha, n'kuloza ndi ndodo.

"Wavala zinsapato za eni ake, koma kuponda n'kwake. Onani kumanzereku, akukoka chala. Amatero akatopa. Watopa mwanayu, ndipo sanamwe madzi."

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndayenda ndi mwendo umenewu, sindinkadziwa kuti ndimaukoka.

Ndinawapatsa botolo, anakana, anati ndimusungire mwanayo. Ndinawapempha kuti tichoke, anati sachoka pamene pathera mapazi. A Chipewa ananong'ona kuti tingowanyamula. Titangoyesa, Bambo anakuwa n'kuyamba kumenya ndi ndodo, ndipo njati inaponya mutu m'mwamba n'kuyenda mapazi atatu kubwera kwathu. Tinawasiya. A Chipewa anakoka mfuti, koma tonse awiri tinkadziwa kuti njati ikayamba kuthamanga pamtunda ngati umenewo, chipolopolo chimodzi sichiimitsa. Fumbi limene ndinaponda linayamba kuulukira cha kumtengo kuja.

Ndinawapempha a Chipewa kuti awalankhulitse Bambo, awatembenuzire kwina. Ine ndinapita pamene panathera mapazi a dzulo, ndinaponda pamchenga wofewa, n'kuyamba kuyenda kutsata msewu, kutalikirana ndi njati, ndikukoka chala chakumanzere. Nditayenda mapazi makumi awiri ndinaika botolo pakati pa njira. Ndinamva a Chipewa akunena kuti, akulu, taonani apa.

Kenako ndinamva mawu a Bambo, amphamvu, a munthu amene ndinkamudziwa kale.

"Wangodutsa kumene. Mchenga sunagwe n'komwe. Tiyeni, koma musaponde pamenepo."

Ndinacheuka kamodzi. Anali atatola botolo, akumwa, akuwauza a Chipewa kuti mwanayu ngwanzeru, wasiya chizindikiro. Njati inatsala pamtengo pake. Bambo ankabwera m'mbali mwa mapazi anga, wotsimphina, maso ali pansi, ndodo ikuloza phazi lililonse.

Ndinayenda choncho mpaka tinakumana ndi galimoto, ndikulira mosatulutsa mawu kuti ndisawasokoneze. Ndinali patsogolo pawo mapazi khumi okha, poyera, dzuwa likuswa mtengo. Sanadzutse mutu ngakhale kamodzi.