Wapukuta Mfutiyi Ndani?

Lamlungu limenelo titachoka ku Misa ndinayala nyuzipepala yakale patebulo la pakhonde, n'kuikapo kansanza kanga, mswachi wotha ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera, monga ndakhala ndikuchitira chilowereni m'banja. Amuna anga a Baudilio anali atafika dzulo lake kuchokera ku Petén kokagula ng'ombe, ndipo ndinkadziwa kuti mfuti yawo yamwa thukuta ndi matope a ulendo wonse. Anaisolola m'chiuno, n'kuiika patebulo osandiyang'ana, kenako anakadziponya mu ukonde wawo wolendewera.

Nditachotsa zipolopolo n'kuitsegula, ndinangoti kakasi. Mfutiyo inali mbee. Ndinakweza mpope wake kudzuwa n'kusuzumira, mkati muli waliwali ngati sipuni yatsopano. Ngakhale m'timakona mmene amuna anga sadziwa n'komwe kuti mumabisala litsiro munali mutadutsa dzanja la munthu. Ndipo inkanunkhira. Mafuta anga alibe fungo, koma awa ankamveka ngati nthochi yakupsa.

"Bambo a Nery, wapukuta mfutiyi ndani?"

"Ndapukuta ndekha," anayankha chipewa chili kumaso.

"Inuyo? Inu amene munataya kasipuling'i m'kapinga tsiku lija, banja lonse n'kumapalasa pansi ngati nkhuku?"

"Munthu amaphunziratu, Zoila. Ndikabwera nayo yakuda ndalakwa, ndikabwera nayo yoyera ndalakwanso?"

"Chabwino, aphunzitsi. Tabwerani mundionetse mmene munaitsegulira."

Anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuliza mkonono, wabodza weniweni.

Ndinene mosabisa, nsanje inandigwira. Wina akhoza kuseka kuti mkazi wamkuluwamkulu n'kumachitira nsanje chitsulo, koma ameneyo sakudziwa kumene ndachokera. Bambo anga, Don Filadelfo, sanabereke mwana wamwamuna, choncho zonse za mfuti anazikhuthulira mwa ine. "Mafuta kadontho chabe, mwana wanga," ankatero. "Ukachulutsa, fumbi limamatirira n'kusanduka phala. Ndipo isamagone m'thumba lachikopa, chikopa chimasunga thukuta, dzimbiri limabadwira momwemo." Iwo ankakhulupirira mfuti yakale ya kagudumu, ati imeneyo sikana ntchito ngakhale itagwa m'khola. A Baudilio atagula yawoyi, ya zipolopolo zambirimbiri, chogwirira chake chasiliva chojambulidwa mutu wa ng'ombe, ndinawauza kuti ndi ya matama, ndipo kuti mfuti munthu amasankha yokwana m'dzanja osati yoti anthu aziiona pamsika. Sanandimvere. Inalowa m'nyumba mwanga ndithu, ndipo ine ndi amene ndinaiphunzira khalidwe lake lonse.

Ndiye pali chinthu china. Mwamuna wanzeru mowa ukayamba kumulowa amasolola mfuti n'kupatsa mkazi wake kuti aike m'chikwama. Paukwati, paubatizo, pamaliro, mudzaona azimayi titakhala mapewa atapendekeka, sikuti zikwamazo zadzaza ndi zodzoladzola ayi. Ine chikwama chilichonse ndinkagula nditayesa kaye ndi dzanja ngati mfuti ya a Baudilio ikwanemo. Atsikana a m'sitolo ankandiseka, ine osawalabadira.

Zoti ogula ng'ombe amakhala ndi pomwera khofi m'njira, ndani sadziwa? Zimenezo ndinkazitsinzinira. Koma mkazi wa tsiku limodzi sapatsidwa mfuti. Mwamuna akalola munthu kuitsegula iye ali gone, zipolopolo zili m'manja mwa munthuyo, ndiye kuti kumeneko wafikako mtima wonse. Chimene ndinkafuna kudziwa n'chimodzi: malo anga ndikadali nawo, kapena wina wakhalapo kale?

Sabata imeneyo ndinakwera basi kupita ku Chiquimula, kusitolo kumene amuna anga amagula zipolopolo. Ndinali nditamva kuti kuli kamtsikana katsopano kosekerera aliyense wa nsapato zazitali. Ndinakapezadi, nsidze zojambula, chingamu pakamwa.

"Takulandirani, Doña. Mukufuna yanuyanu? Tili ndi tating'ono ta azimayi, topepuka, tina tapinki."

"Topepukato ndi timene timakankha dzanja ngati bulu, mwana iwe. Anakunamiza ndani kuti mkazi amafuna kamfuti kosewerera? Tandipatsa mafuta aja onunkhira nthochi."

Kanandipatsa botolo, ndinatsegula n'kununkhiza. Fungo lomwe lija.

"Amagula ndani amenewa?"

"Aa, aliyense, Doña. Alonda, apolisi, a ng'ombe, ngakhale azimayi amene amuna awo anawasiyira mfuti. Mutenga?"

Ndinayang'ana zala zake. Zikhadabo zitalizitali zomata, chilichonse chili ndi kaduwa. Zikhadabo zimenezo sizinalowepo m'mfuti chibadwire, ngakhale kusenda adyo sizingathe. Ndinatuluka osagula kanthu, mtima ukuwawa kuposa mmene ndinalowera, chifukwa nsanje yopanda nkhope yoilunjika imakudya wekha.

Pobwerera ndinatsikira kwa Marleny, amene amagulitsa tchizi ndi mafuta a mkaka pamphambano yolowera ku Estanzuela. Iyeyu ndi amene ananyamula Nery wathu paubatizo, choncho timaitanana kuti comadre. Mwamuna wake Otoniel anamwalira kalekale atagwa pahatchi, ndipo sanakwatiwenso. Anandithirira khofi n'kundidulira keke ya tchizi, ine n'kumukhuthulira zonse.

"Iii comadre, inu mukulira chifukwa mfuti yayera?" anatero. "Anzanu akulira chifukwa amuna awo abwera ndi mwana wakunjira."

"Mwana ndikhoza kulera. Izi ndiye ayi."

"Mwina anapita nayo kwa okonza mfuti."

"Okonza mfuti amasoka? Thumba lake linali litamasuka ulusi m'mbali. Labwera losokedwa, ulusi wake wofanana ndi chikopa, kasokedwe kabwino kuposa kanga."

"Ndiye kuti ndi munthu wosamala," anatero maso ali m'kapu. "Musadzipweteke nazo mutu, comadre. Mwamuna wanu amabwerabe kwanu, si choncho?"

Anandikulungira tchizi n'kukana kulandira ndalama. Ndinachoka ndikuthokoza Mulungu kuti anandipatsa mnzanga wa mtima wabwino.

Masiku otsatirawo ndinasanduka galu wosaka. Mkazi aliyense wopatsa moni a Baudilio ndinkamuyang'ana zala. Mkazi wa wometa tsitsi, namwino wa kuchipatala cha ziweto, ngakhale gogo wogulitsa makandulo pakhomo la tchalitchi, onse ndinawayesa m'maganizo mwanga atagwira mswachi ndi kansanza. Amuna anga ankadya nyemba zawo ndi matotiya, tizitumbuwa topyapyala ta chimanga, mwamtendere ngati palibe chachitika, ndipo mtendere umenewo ndi umene unkandipsetsa mtima.

Kenako chinafika chikondwerero cha Santa Cecilia. M'mawa amuna anayenda pamahatchi m'tauni monse, malaya ositidwa, mfuti zili ng'aning'ani m'chiuno. Dzuwa litafika paliwombo tinakhala pansi pa tenti pafupi ndi oimba malimba, patebulo pali chinangwa ndi zikopa za nkhumba zokazinga, mabotolo akuchita thukuta. Ine ndinakhala kudzanja lamanja la a Baudilio, mbali ya mfuti, kumene ndimakhala nthawi zonse. Marleny anali kumanzere kwawo. Moyang'anana nafe kunali Don Rigoberto, mnzawo wa ng'ombe, ndi mkazi wake.

Amuna awiriwa akakumana nkhani ndi imodzi basi.

"Iwe Baudilio, chimfuti chakocho n'cha paukwati," anatero Don Rigoberto. "Tsiku lomwe udzachifune chidzatsamwa, iwe n'kumachipempha pepani."

"Nanga yakoyo ya agogo? Zipolopolo zisanu ndi chimodzi, zikatha uziponya nsapato?"

"Munthu wodziwa kuloza safuna thumba la zipolopolo. Ndiponso umaivala kutsogolo ngati mnyamata wa m'tauni. Tsiku lina udzakhala pansi molakwika, Doña Zoila adzatsala ndi mwamuna wosakwanira."

Tebulo lonse linafa ndi phwete, ngakhale ine ndinamwetulira. A Baudilio anayamba nkhani yawo ya ng'ombe yamphongo imene inawathamangitsa ku Petén mvula ikukhuthuka, nkhani yoti aliyense anaimvapo kale. Maso anali atayamba kufiira, mawu akukwera. Ndinadziwa kuti nthawi yakwana, ndipo ndinakokera chikwama changa pamiyendo.

Akulankhulabe, maso ali pa Don Rigoberto, dzanja lawo linatsikira m'chiuno lokha n'kusolola mfuti. Koma silinabwere kwa ine. Linadutsa pamimba pawo kupita kumanzere. Ndipo Marleny, amene ankayang'ana oimba malimba uku akugwedeza mutu, anali atatsegula kale zipi ya chikwama chake osayang'anako n'komwe. Palibe anaganiza, palibe anakodola mnzake. Manja awo anangochita zimene anazolowera.

Don Rigoberto ndiye anayamba kusiya kuseka. A Baudilio anatsatira maso ake n'kuona dzanja lawo lili m'malere pamwamba pa chikwama cha eni.

"Aa, mowawu," anatero akuseka mokakamiza. "Ndasokoneza mbali. Zoila, kwaya."

Ndinailandira. Maso onse patebulo anali pachala changa. Mkazi wa Don Rigoberto anayamba kunong'ona pemphero, Marleny nkhope itatuwa ngati tchizi wake yemwe. Sindinama, mtima wanga unkawira, ndinkafuna kukuwa kuti tauni yonse imve. Comadre wanga, amene ndinamulirira pamapewa, amene ananditonthoza ndi keke!

"Musaope," ndinatero. "Bambo anga sanandiphunzitse kuloza munthu."

Ndinalozetsa mpope pansi, n'kuchotsa zipolopolo zonse, ndi chimene chinali chitalowa kale mumpope chomwe, n'kuzikhuthulira m'chipewa cha Don Rigoberto. Kenako ndinaika mfutiyo patebulo patsogolo pa Marleny.

"Zoila, tiye kunyumba tikakambirane," anatero a Baudilio.

"Inu khalani chete, sindikulankhula ndi inu. Comadre, chikwamacho musatseke, mwayamba kale ntchito. Koma mundimvetsere, popeza mwailandira. Kachitsulo kotsekera aka kamalimba nyengo yamvula. Musamakakamize, mumayamba mwa..."

"Mwakokera m'mbuyo pang'ono," anamaliza motsitsa mawu. "Ndikudziwa, comadre. Chiyambire pamene inagwera mumtsinje wa Motagua."

Mutu wanga unaima. Mfutiyo inagwera mu Motagua Nery akumera mano, ndipo lero Nery ali ndi ndevu ndi mkazi wakewake. A Baudilio anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, poopa kusekedwa ndi anzawo.

"Nthawi yonseyi?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana. "Nanga bwanji inkabwera yakuda?"

Marleny anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, misozi ili lengelenge. Ndikanakonda akananditukwana, kapena kundiseka.

"Ndinkaisiya dala, comadre, kuti Lamlungu muzipeza ntchito yanu. Ulendo uno inanyowa ndi mvula, dzimbiri linali litayamba. Mtima sunandilole."

Ndiye kuti malo amene ndinkawalondera ngati galu, kununkhiza mabotolo ndi kuyang'ana zala za anthu osalakwa, ndinkakhalapo chifukwa chondimvera chisoni. Ndinachotsa chikwama changa pamiyendo n'kuchiika pansi. Oimba malimba anayamba nyimbo ina, anthu a matebulo ena akuimirira kukavina.

Marleny anatola mfutiyo, mpope utaloza pansi, chala kutali ndi powombera, mmene bambo anga akanafunira. Anailowetsa m'kathumba ka mkati mwa chikwama chake, kosokedwa ndi manja muyezo wake weniweni, ndipo nsalu ya kathumbako inali itada kalekale ndi mafuta.