Mluzu Umene Sindinaumve

Ndavinitsa anthu ku Durban, ku Dar es Salaam, ku Lubumbashi, ngakhale m'sitima ya pamadzi ku Zanzibar, alendo atavula nsapato. Ndinayamba ndi wailesi ya makaseti ya amalume ku Chilenje, lero ndili ndi masipika khumi ndi awiri ndi galimoto yowanyamulira. Mu Lusaka muno mukatchula Dunstan, palibe wofunsa kuti Dunstan uti. Zaka zonsezi ndinkauza madijeyi anzanga kuti katswiri amayeza mawu ndi khutu, timagetsi ta pa mikisa, makina osakanizira mawu, n'ta ophunzira.

Khutu lomwelo ndi limene linanditembenukira. Lachiwiri lina dokotala ku Longacres anandiveka zomvera m'makutu, nati ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Ndinakhala phee kudikira kuti ayambe. Anali atayamba kale.

"Ba Dunstan, mawu akuthwa aja, apamwamba, simukuwamvanso," anatero. "Masipika anu anawadya."

Sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndani angaitane dijeyi wogontha?

Loweruka masana ndinali ku Kabulonga, pa kapinga wa nyumba ina yaikulu, pa phwando la ukwati wa Yande ndi Jesse. Alendo anali mazana atatu pansi pa matenti oyera, ambiri a mpingo umodzi wa Pentekoste ku Woodlands. Nyimbo yoyamba inandimvekera ngati sipika yafunda bulangeti. Dzanja linapita lokha pa batani la tirebo, lija lokweza mawu akuthwa. Ndinapotoza pang'ono, kenaka pang'ono penanso. Sizinasinthe. Ndinakweza mphamvu yonse ya nyimbo, timagetsi tinadumpha kuchoka pa tobiriwira kufika pa tofiira, ine n'kuyang'ana kumbali.

Ba Muriel, otsogolera kwaya ya mpingowo, anabwera atagwira chipewa chawo chachikulu.

"Ba dijeyi, shani? Mufuna kutiboola makutu? Bana balila uko."

"Ba mayo, ku Durban banthu bavina so."

"Kuno ni ku Kabulonga. Chepesani, tate. Ni masipika yaonongeka olo ni imwe?"

Ndinaseka kwambiri. Ndinachepetsako. Kwa ine nyimbo inangotsala kugunda kwa besi, ngati munthu akusinja kuseri kwa nyumba.

Itakwana nthawi ya zolankhula, anaitana ba Gilson, bambo a mkwatibwi Yande. Chaka chatha anadwala sitiroko, mawu awo anatsala onong'ona, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa kuti akhala miyezi akuyeserera zoti anene kwa mwana wawo. Anayenda ndi ndodo mpaka pakati, n'kuima kutsogolo kwenikweni kwa sipika. Milomo inkagwedera koma mawu osatuluka. Ndinakweza maikolofoni.

Mwadzidzidzi mitu mazana atatu inaweramira pansi. Manja m'makutu. Mtsikana wina woperekera zakumwa anataya mbale ya matambula. Ine ndinangomva kamphepo. Ndinadziwa ndi maso kuti ndi mluzu uja umalira maikolofoni ikamamva sipika yake yomwe, ndipo tirebo yanga ndi imene inkaudyetsa. Ndinagwetsa maikolofoni mpaka pansi.

Zii. Ba Gilson anapitiriza kulankhula, osamveka ndi munthu. Yande anandiyang'ana, maso atadzaza misozi. Ndikakwezanso, mluzu ungabwerere ine osaudziwa. Ndikapanda kukweza, mkuluyo amaliza mawu ake onse ali yekha. Zala zanga, zimene zagwirapo mikisa m'maiko asanu ndi awiri, zinasowa batani loti zipotoze.

"Ba Muriel!" ndinaitana mochonderera. "Bwelani, napapata."

Anabwera atakwinya nkhope.

"Sinimvela," ndinatero.

"Simumvela chani?"

"Makutu yanafa. Chija chamene chalila, ine sininachimve."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Yesu wanga. Elo mukali kutiikila nyimbo?"

"Tizakamba pambuyo. Imililani pano, dzanja pa phewa panga. Chikayamba kulila, finyani."

Ndinakodola Jesse kuti abweze apongozi ake mapazi atatu, aime kumbuyo kwa masipika, maikolofoni ili pafupi ndi pakamwa. Tirebo ndinaibweza pakati, n'kuitsitsa kupitirira apo. Besi ya maikolofoni ndinaidula, chifukwa mawu a munthu wofooka amamira m'menemo. Batani lapakati, pamene pamakhala mawu enieni a munthu, ndinalikweza pang'ono chabe. Kenaka ndinayamba kukweza mphamvu, pang'onopang'ono ngati wotsegula chitseko cha chipinda cha wodwala. Kagetsi kobiriwira koyamba kanayaka. Kachiwiri. Kachitatu.

Zikhadabo za ba Muriel zinalowa m'phewa langa. Ndinabweza pang'ono.

"Apo," ananong'oneza pafupi ndi tsaya langa. "Osagwilako futi."

Ba Gilson analankhula mphindi zinayi. Ndinatolako dzina la Yande ndi mawu oti "mwana wanga", enawo anandidutsa. Ndinaona amayi akutulutsa mipango m'zikwama, Jesse atawerama, mbusa akugwedeza mutu. Kawiri konse, mkuluyo atatembenuka, dzanja la ba Muriel linandifinyanso paphewa, kawiri konse ndinabweza. Atamaliza, anthu anaimirira kuwomba m'manja.

Ba Muriel anachotsa dzanja, n'kulipukuta pa chitenje. "Ba Dunstan, muniziba ine. Nkhani siigona pakamwa panga."

"Niziba, ba mayo."

Anapita pa tebulo la amayi a kwaya. Sipanathe nyimbo ziwiri, mitu inayamba kutembenukira kwa ine umodziumodzi. Kenaka ananyamuka ba Febby, amene anandiitana kale kuti ndidzavinitse pa ukwati wa mwana wawo ku Chelstone mwezi wamawa. Anaima patsogolo panga n'kulankhula mokweza, akutsegula pakamwa kwambiri kuti ndiwerenge milomo.

"Mwacita bwino, tate. Za ku Chelstone, tizakutumilani foni."

Aliyense mu Lusaka amadziwa tanthauzo la mawu amenewo: foni yotere siibwera. Ndinamwetulira, n'kuwaikira nyimbo imene amaikonda.

Lero ndi Lachitatu. Mkazi wanga ndinamuuza Lamlungu, asanazimve kwa ena. Foni ndaitchera kuti izinjenjemera, ndipo ili m'thumba la malaya, pachifuwa, pamene sindingaiphonye. Chiyambire m'mawa ndaitulutsa kasanu ndi kamodzi.