Makina a Pazenera

M'shopu yosokera zovala ija munali makina asanu ndi amodzi, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi simbi ziwiri, ngakhale yotentha inali imodzi yokha. Zenera linalinso limodzi, chakumapeto kwa chipinda. Makina asanu anayang'ana pakati, moti osoka ankaonana nkhope. Amodzi otsalawo anayang'ana pazenera, ndipo pamenepo ndi pomwe pankakhala mayi wina wosamva amene anabwera kudzayesedwa ntchito kwa miyezi itatu. Onse ankangomutchula kuti Wapazenera.

Anamuika pamenepo ndi a Malume, odula nsalu, omwe anakalambira m'shopumo. Anachita mokoma mtima ndithu. Pazenera ndi pomwe pankawala bwino, komanso iwo anaganiza kuti munthu wosamva asamaone anzake akuseka zomwe iye sakuzidziwa, angamayese akuseka iye. Kufunsa kokha ndiye sanamufunse. Anangokoka makinawo tsiku loyamba lomwelo, iye n'kukhala pomwe anamulozera.

Ntchito yake inalibe chilema. Msoko wake unkawongoka ngati wajambulidwa ndi lula, ndipo pamakona ankabwereza kawiri. Munthu akafuna kumuuza kanthu ankamugwira paphewa n'kumuonetsa chitsanzo, kapena kulemba m'kabuku komwe iye ankasunga m'thumba la epuloni. Koma zogwirana paphewazo zinkachitika mwa apo ndi apo, chifukwa pazenerapo panali kutali ndipo aliyense anali ndi mulu wake.

Malamulo atsopano ankabwera ndi kapitawo, amene anthu ankamutchula kuti a Chimkuza. Kachitidwe kawo kanali kamodzi chaka ndi chaka: akamva nkhani pafoni mu ofesi, ankabwera kudzaima pakhomo, n'kukuwa kamodzi, n'kubwerera.

Sabata yomaliza ya miyezi itatu ija, shopu inalandira ntchito ya majekete oyera makumi asanu ndi limodzi a anthu ophika buledi, oti akaperekedwe Lachisanu masana. Lolemba a Malume anadula zonse, matupi, manja, makolala ndi matumba apachifuwa, n'kugawa. Wapazenera, poti anali wachangu, analandira makumi atatu.

Lachiwiri m'mawa a Chimkuza anaima pakhomo.

"Matumba ayi! Mwamva? Eni ake akuti zolembera ndi makiyi zikumagwera mu ufa. Majekete onse opanda thumba!"

"N'chifukwa chake dzana ndinatafuna batani mu buledi," anatero Nasimbi, mayi wosita zovala. "Ndimayesa mphatso."

Anthu anaseka. A Malume anayang'ana kamulu ka matumba komwe anaika patebulo la pazenera, n'kunena mumtima kuti akachotsa akangomaliza kolala yomwe inali m'manja. Kenako panabwera bambo wina kudzayezetsa thalauza. Zinathera pomwepo.

Wapazenera ankati akamaliza jekete, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika m'katoni pansi pa tebulo. Msana wake unkatchinga zomwe manja ankachita. Lachinayi m'mawa Nasimbi anakoka katoniyo kuti ayambe kusita, n'kutambasula jekete loyamba. Anatambasula lachiwiri, lachitatu.

"A Malume," anatero motsitsa mawu, zomwe sankachita kawirikawiri. "Tabwerani mudzaone maliro."

Majekete onse makumi atatu anali ndi matumba, osokedwa kawiri pamakona.

Eni shopu, omwe onse ankawatchula kuti Amayi, anatuluka mu ofesi magalasi ali pamphumi. Anatenga jekete limodzi, n'kulitembenuza, n'kukanda msoko ndi chikhadabo. Sunagwedezeke.

"Mawa masana," anatero. "Ine ndikawauza chiyani anthu aja?"

"Ine ndinanena, Amayi," anatero a Chimkuza. "Ndinaima pomwepa. Afunseni onsewa. Ngakhale ogulitsa matayala kuseliku anamva."

"Ogulitsa matayala sasoka majekete, achimwene," anatero Nasimbi.

"Iwe sita zovala."

Amayi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi jekete lomwelo. Sanali munthu wankhanza. Anati iwo anayesetsa, anamulandira mayiyo pomwe mashopu ena awiri anamubweza, koma ntchito ino ndi ya malamulo osinthasintha, lero kolala yotere, mawa ina. Munthu woti lamulo silimufika sangathe kumusunga. Miyezi itatu ikutha mawa, ndiye basi ithere pomwepo, popanda kukangana.

Zonsezi zinkanenedwa kumbuyo kwa Wapazenera. Iye anali akusokabe manja a jekete lina la mnzake amene anatsalira. Anatembenuka ataona zithunzithunzi za anthu pagalasi la zenera. Anayang'ana jekete m'manja mwa Amayi, anayang'ana lina la osoka anzake lomwe linapachikidwa pamsomali, lopanda thumba. Sanafunikenso womufotokozera. Amayi anatenga kabuku kake kaja n'kulembamo mizere itatu yomuuza kuti ntchito yake ithera mawa. Iye anawerenga, n'kutseka kabukuko.

Anadzuka, n'kupita patebulo lodulira, n'kutola choko cha a Malume. Pansalu yakuda yomwe inali itayalidwa pamenepo analemba zilembo zikuluzikulu: ANANDIUZA NDANI?

A Chimkuza anatsegula pakamwa, koma anaona kuti kuloza pakhomo sikuyankha funsolo.

Ndiye Wapazenera anagwira Amayi padzanja, mwaulemu koma mosawataya, n'kupita nawo pampando wake. Amayi anakhala, mwina chifukwa chodabwa. Iye anawawongola mapewa kuti ayang'ane kutsogolo, monga mmene iye ankakhalira. Kutsogoloko kunali khoma la nyumba yoyandikana nayo, paipi ya madzi a mvula, ndi waya woyanikapo matawulo. Wapazenera anabwerera m'mbuyo n'kuima pakhomo pomwe a Chimkuza ankaima, n'kukweza manja onse awiri, n'kuwagwedeza. Aliyense m'chipindamo anamuona kupatula Amayi.

"Chikuchitika n'chiyani kumbuyoko?" anafunsa Amayi, osatembenuka.

"Akukupatsani lamulo, Amayi," anatero Nasimbi. "Mukachedwa tikuchotsani ntchito."

Amayi anakhalabe pampandopo kanthawi, akuyang'ana paipi ija.

"Anaika makina ano chonchi ndani?"

A Malume anatsokomola. Ankalankhula pang'onopang'ono masiku onse, ndipo tsikuli anaposa.

"Ndine, Amayi. Ndimati kuwala. Matumbawonso ndinamuikira patebulo ndine. Lachiwiri ndinamva bwinobwino, makutu anga alibe vuto. Ndinati ndikachotsa, n'kuiwala. Mwanayu wasoka zomwe ndinamupatsa."

"Ndiye ndichotse inuyo?"

"Mukatero simulakwa kwenikweni."

Amayi anadzuka. Sananene kuti asintha maganizo. Anangoyang'ana wotchi yapakhoma n'kufunsa kuti m'shopumo muli malezala angati.

Anapezeka anayi, ndi timasizasi tiwiri tating'ono. Makina onse anaima. Anthu anakhala mozungulira tebulo lodulira, aliyense jekete pamwendo, kudula ulusi umodziumodzi kuti nsalu isaboole. Inali ntchito yowawitsa khosi. A Chimkuza, omwe zala zawo zinali zitaiwala singano, anang'amba jekete loyamba lomwe anagwira. Wapazenera anawalanda lachiwiri, n'kuwaonetsa: lezala lilowe chagada, kuyambira mkati, pakona pomalizira. Anabwereza kawiri, akuwayang'ana kumaso mpaka anagwedeza mutu.

"Taonani a kapitawo alowa sukulu," anatero Nasimbi. "Mawa abwere ndi kabotolo ka thobwa ngati ana anzawo."

"Ukanakhala mlongo wanga iwe, bwenzi nditakusinthanitsa ndi simbi yakufayo," anatero a Chimkuza.

"Simbiyo bola, imakhala chete, osati inu," anayankha Nasimbi.

Pomwe thumba lachoka pankatsala timabowo ta singano. Nasimbi ankanyowetsa malowo ndi kansalu, n'kukanda ndi chikhadabo, n'kupsinja ndi simbi, timabowo n'kutsekeka. Pa majekete awiri tinakana kutsekeka. Kuphatikizapo lija anang'amba a Chimkuza, a Malume anadula atatu atsopano pansalu yotsala, ndipo anawasoka Wapazenera yemweyo Lachisanu m'mawa. Galimoto ya ophika buledi itafika, makatoni anali atamangidwa kale.

Galimoto itapita, Wapazenera anapukuta makina ake, n'kuchotsa ulusi, n'kupinda epuloni. Anaika m'chikwama kabuku kake, sizasi yake ndi kapu yomwe ankamwera tiyi. Palibe amene anamuuza china chosiyana ndi mizere itatu ija.

Amayi anatuluka mu ofesi atanyamula chitseko chakale cha kabati chopaka utoto wakuda, n'kupatsa a Chimkuza pamodzi ndi misomali iwiri.

"Mukhome apo, pomwe aliyense aziona. Kuyambira lero lamulo lomwe silinalembedwe apa si lamulo. Kukuwa muzikuwa ngati kumakusangalatsani."

Kenako anapita pazenera, n'kutulutsa kapu m'chikwama cha Wapazenera, n'kuibwezera patebulo. Anatenga kabuku, n'kukhwatcha mizere itatu ija, n'kulemba pansi pake kuti: Lolemba, nthawi yomweyo. Makina mukufuna ayang'ane kuti?

Iye anawerenga. Sanamwetulire. Anayang'ana chipinda chonse ngati munthu woyeza nsalu, n'kuloza pakati pa makina achiwiri ndi achitatu, moyang'anana ndi khomo. Pamenepo panali pamdima pang'ono, ndipo a Malume anayamba kunena za kuwala, koma analekeza pakati n'kugwira mbali imodzi ya makinawo. A Chimkuza anagwira inayo.

Lolemba lamulo loyamba linalembedwa pabolodi la chitseko chija. Zilembo za a Chimkuza zinali zokhota moti Nasimbi anati nkhuku itapalasa pamenepo bwenzi zikuwerengeka. Wapazenera anadzuka, n'kufufuta, n'kulembanso bwino, ndipo kuyambira tsikulo choko chinkakhala patebulo lake.

Dzina lija silinasinthe, ngakhale pazenera tsopano panali katoni ya zidutswa za nsalu. Patapita masiku anthu anazindikira kuti nayenso anali atawapatsa mayina ake a manja kalekale. La a Malume linali zala ziwiri zodula mpweya pang'onopang'ono. La a Chimkuza linali dzanja lotseguka ndi kutsekeka pafupi ndi pakamwa. Nasimbi analiphunzira tsiku lomwelo, ndipo ankalichita nthawi iliyonse kapitawoyo akangotembenuka.

La iye mwini, Nasimbi anachita kufunsa. Wapazenera anamuyang'ana, n'kuchita dzanja lomwe lija la pakamwa, koma ndi manja awiri.