Kampata ka M'munsi mwa Chitseko

Chitseko chinali chitagona chagada pa wilibala, ndipo a Msomali ankachikankha pang'onopang'ono ngati akupita ndi wodwala kuchipatala. Dzina lakuti Msomali anawapatsa ndi akalipentala anzawo, chifukwa anali munthu woonda koma wamutu waukulu. Masiku ena dzinali ankaliseka nawo limodzi. M'mawa umenewo kuseka kunali kutali nawo.

Pageti pa sukulu ya mkaka anawalandira ndi mlonda, yemwe analinso mlamu wawo.

"Alamu, mwabwera nacho chitseko chopanda mano chija?" anatero mlondayo akutsegula geti. "Makolo ayamba kale kufika. Mukalakwitsanso lero, mlongo wanga ndikukamutenga, akakwatiwe ndi wowotcherera zitsulo."

"Gwirani uko, musiye phokoso," anayankha a Msomali, pakamwa pali gwa.

Masabata atatu m'mbuyomo, chitseko chimene iwo anaika ndi manja awo pakalasi ya ana aang'ono chinadula chala cha mwana. Kamtsikana ka zaka zitatu kanatsamira pafelemu, zala zili mumpata wa kumahinjesi, mphepo n'kumenyetsa chitseko. Nsonga ya chala chapakati inatsalira pomwepo. Mahinjesi anali abwino, thabwa linali labwino, ndipo aliyense ankawauza kuti tsoka silinunkha, koma mawu amenewo sanawalowe. Mzime wawo, wa zaka zitatunso, ankaphunzira m'kalasi yomweyo, ndipo tsiku limenelo anali ataima pambali pa mnzakeyo. Kuchokera pamenepo, akangomva chitseko chikumenyetseka kwinakwake, ngakhale kwa aneba, mtima unkangoti myuu.

Ndiye anakhala pansi n'kuganiza chitseko chopanda mahinjesi. Chinkazungulira pa zitsulo ziwiri zazifupi, china pamwamba, china pansi. Mbali yake ya kumbuyo anaipala mpaka inabulungira ngati botolo, ndipo felemu anaisema mphako yoti mbali yobulungirayo izizungulira m'kati mwake. Motero kaya chitseko n'chotsegula, kaya n'chotseka, mpata wolowa chala sunkaoneka. Kuchiika kwake kunalinso kosavuta: kulowetsa chitsulo chapamwamba m'bowo lake, kunyamula pang'ono, n'kuchikhazika m'bowo la pansi, basi. Kumalo awo ogwirira ntchito anachiyesa masiku anayi ndi zitheba, mpaka akazi awo anadandaula kuti ndiwo zikuthera kuchitseko. Palibe chitheba ngakhale chimodzi chimene chinaphwanyika.

Felemu anali ataimanga dzulo lake. Chimene chinatsala ndi kuboola bowo la pansi, m'simenti. Anayeza kawiri, anachonga ndi pensulo, n'kuyamba kuboola. Posakhalitsa choboolera chinalira mwachilendo n'kukana kulowa. Chinali chitagunda waya wokhuthala amene omanga nyumba anayala m'simentimo, ndipo wayayo anadutsa ndendende pamene panali chizindikiro chawo.

Kunja ankamva mawu a makolo akuchulukirachulukira. Mwini sukulu, amene aliyense ankangomutchula kuti Madamu, anasuzumira kachitatu.

"A Msomali, anthuwa asiya ntchito zawo. Ndawalonjeza kuti aona okha ndi maso. Ena anena kale kuti akapanda kukhutira, ana awo akuwachotsa lero lomwe."

"Ndatsala pang'ono, Madamu."

Kuti aphwanye simenti n'kudula wayayo, pakanafunika tsiku lathunthu ndi lina loti simenti yatsopano iume. Anasuntha choboolera pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa njere ya nyemba, n'kuboola pambali pa waya. Kamtunda kotere, anadziuza mumtima, ngakhale nyerere singakadandaule.

Chitseko chinalowa bwinobwino. Mlonda anachinyamula mbali ina, Madamu mbali ina, ndipo chinakhazikika chokha ngati chinabadwira pamenepo. Chinkatseguka ndi chala chimodzi, popanda kulira. Madamu anaseka koyamba m'masabata atatu, n'kutuluka kukaitana makolo.

A Msomali anagwada kuti atole zida zawo. Ndi pamene anauona mzere wa kuwala.

Unali woonda, unayambira cha m'mawondo kutsikira pansi, pakati pa chitseko ndi felemu. Anakankha chitseko pang'ono, mzere uja unakula. Anachikoka ngati akutseka, mzere unachepa, unachepa, mpaka unazimiratu. Njere ya nyemba ija inali itapendeketsa chitseko chonse. Pamwamba panali potseka bwino, koma m'munsi munali kakamwa kotsegula ndi kutseka, pamene pamafika dzanja la mwana.

Anachita mantha enieni. Koma makolo anali akulowa kale, akuthithikana m'khonde, ndipo mantha ena anabwera pamwamba pa oyambawo: kuima pamaso pa anthu onsewa n'kunena kuti alepheranso. Kampata n'kakang'ono, anadzinamiza. Mawa ndilawirira anthu asanabwere, ndidzakonza mwakachetechete. Anaimirira moti miyendo yawo inatchinga kuwala kuja.

Anafotokoza mmene chitseko chimazungulirira. Kenako anaika chala chawo kumbuyo kwa chitseko, cha pachifuwa, n'kuuza mlamu wawo kuti achimenyetse ndi mphamvu zonse. Chitseko chinati phaa! Amayi ena anatseka m'maso. A Msomali anakweza dzanja, zala zonse zisanu zili bwinobwino, ndipo anthu anapumira m'mwamba n'kuyamba kuomba m'manja.

"Mwaona?" anakuwa mlonda monyada, ngati anachipanga ndi iyeyo. "Nkhalamba iyi, ilibe dzino ndi limodzi lomwe!"

Munthu mmodzi yekha sanaombe. Anali mayi wosoka zovala, mayi wa mwana wovulala uja. Anaima kumbuyo, mwana wake ali m'chiuno, kadzanja kokulungidwa bandeji katagona paphewa pake. Anadikira phokoso lithe.

"A kalipentala," anatero mosakweza mawu, "chala chanucho chili ngati munsi. Ndipo pamene mwagwirapo mwana wanga safikapo. Ana amagwira m'munsi umu."

"Mayi, ndinayesa paliponse. Masiku anayi ndakhala ndikuyesa ndi zitheba."

"Ine sindinabereke chitheba."

Wina anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mayiyo, chiseko chinamuthera pakhosi.

"Mwana wanu ali m'kalasi momwemuno," anapitiriza mayiyo. "Muitaneni aike dzanja lake pansipo, alamu anuwo amenyetse monga achitira muja. Akatuluka bwino, ine ndikhala woyamba kukuthokozani, ndigwada pansi pomwe pano."

"Mayi, musatero," Madamu analowererapo. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Ndiye chifukwa chake, Madamu. Ngati wanga ndi wawo yemwe, aope chiyani? Mawa pamenepo pagwira ana athu tonse, ndipo palibe adzatiitane kuti tidzaonerere."

"Akunena zoona mayiwa," anatero bambo wina. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

A Msomali anayang'ana m'munsi mwa chitseko. Mlamu wawo anawayandikira n'kunong'oneza: "Alamu, si mwati sichiluma? Ingochitani, tithane nazo. Kapena mukufuna anthuwa azinena kuti mukukayika ntchito yanu yomwe?" Ankalankhula ndi mtima woyera, munthu wosadziwa kanthu, ndipo chikhulupiriro chakecho chinawaopsa kuposa mkwiyo wa mayi uja.

Sipanafunike woitana. Mzime wawo anali atamva kale kuti akunena za iye, ndipo anatuluka pakati pa anzake akuthamanga, nsapato ina itamasuka chingwe. Kwa iye awa anali masewera, ndipo anasankhidwa ndi iyeyo pakati pa kalasi yonse.

"Ababa, ndiike apa?"

Asanamugwire, mwanayo anali atanjuta kale kumbuyo kwa chitseko. Kadzanja kake kanapapasa felemu, kanatsika, ndipo zala ziwiri zinalowa m'kampata kaja mosavuta konse, mpaka zikhadabo zinabisika. Anthu sanaone, chifukwa thupi la bambo ake linatchinga. Anaona ndi a Msomali okha.

Mlonda anali atagwira kale chitseko, mkono ataukokera kumbuyo, akumwetulira mwana wa mlongo wakeyo.

"Wakonzeka, mphwanga? Ndiwerenga mpaka katatu. Kamodzi..."

Pawindo lotsegula panalowa kamphepo, mapepala a zithunzi za ana n'kugwedezeka pakhoma.

"Kawiri..."

"Musagwedeze!"

Mawuwo anatuluka mkamwa mwa a Msomali ngati si awo. Ana awiri anayamba kulira ndi mantha. A Msomali anali ataponya phazi lawo kutsogolo kwa chitseko, phewa atalikanikiza pathabwa. Ndi dzanja limodzi anagwira kamkono ka mwana wawo n'kutulutsa zala zija pang'onopang'ono, chimodzi, kenako chinzake. Zinali zofunda, zofewa, zomata ndi switi amene anadya m'mawa. Anazigwira nthawi yaitali osazisiya.

"Alamu, n'chiyani?" anafunsa mlonda, kumwetulira kutathawa.

"Madamu, ndipatseni choko."

Madamu anatenga choko chatsopano pabolodi n'kuwapatsa. A Msomali anamukankhira mwana kumbuyo kwawo, anasuntha kuti aliyense aone, n'kulowetsa nsonga ya choko pamene panali zala zija. Sanachimenyetse chitseko. Anangochitseka ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, monga angachitire mwana potuluka kupita kukasewera.

Choko chinati thyo! Chidutswa chinagubuduka pasimenti mpaka chinakaima pa phazi la mayi wosoka zovala. Chinacho chinasanduka ufa, n'kumayoyoka m'mbali mwa felemu.

Mlonda anayang'ana dzanja lake limene linagwira chitseko, kenako anakhala pansi pa kampando ka ana.

"Ndinauona mpatawu," anatero a Msomali, maso ali pansi. "Ndinauona musanalowe. Bowo la pansi ndinaliboola pambali chifukwa cha waya, ndipo ndinati ndingokhala chete, ndidzakonze mawa. Ndinaopa manyazi. Palibenso china choti ndinene."

Anakumbatira chitseko, anachinyamula pang'ono, chitsulo cha pansi chinatuluka m'bowo, chapamwamba n'kutsatira. Chinachoka mosavuta monga mmene chinalowera.

"Ndiye kalasi ikhale yopanda chitseko?" anafunsa Madamu ndi mawu otsika.

"Ikhale, Madamu. Fumbi silinadulepo chala cha munthu. Ndiphwanya simentiyi lero, ndidule waya, bowo likhale pamalo pake. Likauma ndidzabweretsa chitseko, ndipo tidzayesa ndi choko kuyambira pansi mpaka pamwamba, aliyense akuona. Chikadzathyoka ngakhale chimodzi, mudzaitane kalipentala wina."

Apa m'pamene mzime uja anazindikira kuti masewera atha iye asanasewere. Anawayang'ana bambo ake, anayang'ana khomo lopanda chitseko, milomo n'kuyamba kugwedera. Kenako anatsegula kukamwa n'kulira mokweza, kulira kwa munthu wolandidwa chake, akupondaponda pansi.

"Ababa oipa! Amalume sanafike katatu! Ndimafuna ndiike!"

Madamu anawerama kuti amutonthoze, koma mayi wosoka zovala anagwira Madamuyo pamkono. Anali atamukumbatira mwana wake mwamphamvu, ndipo misozi inkatsika osaipukuta.

"Musiyeni alire, Madamu," anatero. "Kulira kumeneko n'kwabwino. Ine kulira kwinako ndinakumva tsiku lija."

A Msomali anagoneka chitseko pa wilibala, anabwerera m'kalasi ndi hamala, anagwada pakhomo n'kuyamba kuphwanya simenti, mwana wawo akulirabe kumbuyo kwawo.