Phazi la Reuben

Caleb anali atazungulira kale bwalo la chionetsero cha zaulimi pa Rufunsa, gitala yake ya besi ili kumsana m'thumba la feteleza. Anadutsa pa mbuzi, pa mbewu za chimanga, pa amayi ogulitsa uchi, n'kupezekanso pa mbuzi. Tenti yomwe ankafuna ankaiona bwinobwino, koma miyendo inkangomulambalalitsa.

Chimwalirireni mkulu wake Reuben, amene ankaimba ng'oma m'gulu lawo ku Chinyunyu, Caleb anali asanaikhudzenso gitalayo. M'mawa umenewo mayi ake anatopa nayo.

"Yangokhala pakona ngati maliro ena," anatero. "Kasinthanitse ndi sola, m'nyumba muno muwale."

Ba Maybin, eni tenti ija, ogulitsa masola ndi masipika, ndiwo anamuitana.

"Iwe wa thumba, wapita apa kangati? Mbuzi ija ufuna kugula kapena kukwatira?"

Caleb anatulutsa gitala n'kufotokoza chimene anadzera.

"Sinitenga chinthu chimene sin'namve kulira," anatero Ba Maybin. "Kwera apo uyese."

Pambali pa tentiyo panali oimba awiri okopa makasitomala: Morgan wa gitala, wochokera ku Lusaka, ndi Ba Nelly, mayi wa ku Chongwe, pa ng'oma. Anamulumikiza ku sipika, nyimbo ya kalindula n'kuyamba.

Caleb anatsinzina. Zala zinakumbukira zonse, koma besi inkagwa mochedwa. Reuben anali wotsimphina, ndipo phazi lake linkafika pa ng'oma yaikulu mochedwerako pang'ono. Caleb anaphunzira kuimba akuyang'ana phazi limenelo, m'tchalitchi, pa maukwati, paliponse.

"Boyi, ife tafika ku Luangwa, iwe ukali pa Chongwe," anaseka Morgan.

Anayambanso. Anachedwanso. Caleb anayamba kuvula lamba wa gitala.

Ba Nelly anaika timitengo pamwendo.

"Mwananga, uyembekeza ndani?"

"Palibe, amayi."

"Wa besi ayang'ana phazi la wa ng'oma. Iwe watseka maso. Ulondola phazi limene kulibe pano."

"Linali la akulu anga," anatero Caleb. "Tinawaika nthawi ya mvula."

Ba Nelly sanapepese. Anavula patapata, n'kukweza chitenje pang'ono.

"Langa ni ili. N'loipa, koma lilipo. Tsegula maso."

Linali phazi long'aluka chidendene, lotuwa ndi fumbi, lofulumira. Poyamba Caleb anadana nalo. Kenaka chala chake chinagwa nalo limodzi, chinagwanso, Morgan n'kusiya kuseka. Anthu anachoka ku mbuzi kuja. Amayi a uchi anamanga zitenje m'chiuno, fumbi n'kukwera mpaka pa masola a Ba Maybin.

Nyimbo itatha, Ba Maybin anabwera atanyamula sola.

"Ilira bwino. Tenga iyi, amayi akaone kuwala."

"Mawa tiimbanso, potseka chionetsero," anatero Ba Nelly, akuvala patapata, osayang'ana munthu.

Caleb anayang'ana sola ija nthawi yaitali. Kenaka anabweza gitala m'thumba la feteleza n'kulimanga kukamwa thumbalo.

"Sungani sola yanu, Ba Maybin."

M'minibasi anaipanira gitalayo pakati pa mawondo, akusakasaka mawu okawauza mayi ake. Mpaka pa Chinyunyu sanawapeze. Chala chokha chinkagogoda pathumba, ndipo anazindikira kuti sichikuchedwanso. Anachigwira ndi dzanja linalo mpaka anatsika.